Kabatire kakang'ono kangawotche bwanji mwana chonchi?

Mayi wina walemba kuti: "Mwana wanga wa zaka 11 anaika mabatire awiri otchaja, aja a AA, m'thumba la kabudula limodzi ndi makiyi okhala ndi katcheni. Patapita kanthawi anayamba kukuwa kuti m'thumba muli moto. Pomwe timamuvula, pantchafu panali patafiira, ndipo madzulo ake panatuluka thuza lalikulu ngati chala chachikulu cha m'manja. Mabatirewo anali otentha osagwirika, ndipo pulasitiki wokutira limodzi mwa mabatirewo anali atakwinyika. Ndinamuthira madzi pang'ono, kenako mnzanga anati ndipakepo mankhwala otsukira mano, ndipo ndinapakadi. Mtima wanga suli m'malo. Kodi kabatire kamene timagwira tsiku ndi tsiku osamva kanthu kangawotche bwanji munthu? Kodi m'balamo mwalowa poizoni? Ndilinso ndi wina wa zaka ziwiri, kodi ndichotse mabatire onse m'nyumba?"

Mayi, pepani kwambiri ndi ngozi imene mwana wakumana nayo. Khazikani mtima pansi. Monga mwalongosoleramu, mwanayo wapsa ndi kutentha basi, chimodzimodzi munthu amene wakhudza simbi yamoto. Ngati mabatirewo sanang'ambike kapena kutulutsa timadzi, m'balamo simunalowe poizoni aliyense. Bala la thuza limodzi lotere, likamasamalidwa bwino, kawirikawiri limapola pakatha milungu iwiri, nthawi zina itatu. Musadziimbenso mlandu. Ndatha zaka zoposa 20 ndikukonza zipangizo zamagetsi ndi kuphunzitsa achinyamata ntchito yomweyi, ndipo ndakumana ndi akuluakulu ambiri, ophunzira bwino, amene sadziwa kuti batire ndi makiyi sizikhala thumba limodzi.

Tiyambe ndi balalo, poti ndilo likufunika chisamaliro lero. Mankhwala otsukira mano aja achotseni. Tsukani pamalopo mosamala ndi madzi oyera ndi sopo pang'ono, osakhula. Mankhwalawa amamveka kuzizira pakhungu monga amachitira mkamwa, n'chifukwa chake anthu amawakhulupirira, koma sachotsa kutentha kumene kwalowa m'mnofu. Amangouma n'kumatirira pabala, kusunga tizilombo, ndipo namwino akafuna kuona kuya kwa balalo amayamba wawapala kaye, mwana akulira. Mafuta, dzira laliwisi ndi phulusa nazonso n'chimodzimodzi. Thuzalo musaliboole. Kakhungu kali pamwambako ndiko kakutchinga tizilombo, ndipo palibe bandeji yoposa kameneko. Phimbani ndi bandeji yoyera yosamatirira, muzimuveka zovala zotakasuka kuti zisamakhule, ndipo akamamva ululu mupatseni paracetamol pa mlingo wa msinkhu wake monga walembedwera pa paketi.

Ngakhale balalo ndi laling'ono, ine ndingakonde mutapita naye kuchipatala lero kapena mawa. Zifukwa zake ndi ziwiri: panapakidwa zinthu zosayenera, komanso azachipatala aone ngati katemera wake wa kafumbata adakali ndi mphamvu. Masiku akubwerawa muzionapo m'mawa ndi madzulo. Kufiira kukayamba kufalikira, pakatupa, pakatuluka mafinya kapena fungo, mwana akatentha thupi, kapena ululu ukamawonjezeka m'malo mochepa, musadikirenso. Palinso chizindikiro china chimene chimanamiza makolo ambiri. Pakati pa bala pakaoneka poyera kapena pouma ngati chikopa, mwana n'kumati sipakupweteka, si kuti pakupola ayi. Kumeneko ndi kupsa kolowa mkati kumene kwawononga minyewa yomvera ululu, ndipo kumafuna dokotala.

Munachita bwino kuthira madzi, kungoti anachepa. Munthu akapsa, pamafunika madzi ozizira bwino, oyenda, kwa mphindi 20 zathunthu. Yang'anani pa wotchi, chifukwa mwana akamalira mphindi zitatu zimakhala ngati ola. Khungu likachoka pa chinthu chotentha, mnofu wa pansi pake umapitirizabe kupsa, ndipo madziwo ndi amene amaimitsa zimenezi. Amathandizabe ngakhale mutayamba patapita maola awiri kapena atatu. Madzi oundana ayi, amawonjezera kuwononga khungu. Chovala chivuleni msanga pokhapokha ngati chamatirira pabala, mphete ndi zibangili zichotseni pasanatupe, ndipo mbali zina za thupi la mwanayo zifundeni kuti asazizidwe. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, ngati lili kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena polumikizira mafupa, ngati lazungulira chala, ngati wapsayo ndi mwana wosakwana zaka 5, wokalamba kapena wodwala shuga, komanso ngati wapsa ndi timadzi ta m'batire kapena wapuma utsi wake.

Tsopano funso lanu lenileni, lakuti kabatire kotere kangawotche bwanji. Pa batire amalembapo ma volt: 1.5 pa AA wamba, 1.2 pa AA wotchaja. Tikaona manambala ang'onoang'ono amenewa, n'kuyerekeza ndi magetsi a pakhoma amene amaposa ma volt 100 kapena 200, timangoti batire ndi choseweretsa. Komatu ma volt amangotiuza mphamvu imene magetsi akukankhira. Chimene chimatenthetsa ndi kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda, ma amp, ndipo nambala imeneyi salemba pa batire chifukwa imadalira njira imene magetsiwo apeza. Khungu louma ndi njira yovuta kwambiri, moti mukagwira batire uku ndi uku ndi zala, magetsi odutsa ndi ochepetsetsa osamveka n'komwe. Kiyi, tcheni, msomali, ndalama yachitsulo, zimenezi ndi msewu wosalala wopanda chotchinga chilichonse.

Ganizirani thanki yodzadza madzi. Rimoti kapena wotchi ya pakhoma ili ngati kampopi kodontheza, n'chifukwa chake batire limatha miyezi lili momwemo. Chitsulo chikakhudza mbali zonse ziwiri za batire, ya pozitivi (+) ndi ya negativi (-), nthawi imodzi, zili ngati thanki ija yabooka pansi. Mphamvu yonse imene ikanagwira ntchito miyezi ingapo imatuluka m'mphindi zowerengeka, ndipo poti palibe babu kapena kamota koti iyendetse, yonse imasanduka kutentha. Kumeneku ndiko timati kuchita shoti. Batire la AA wamba latsopano likachita shoti limatha kutulutsa ma amp pakati pa 5 ndi 10, pomwe rimoti imangofuna kachigawo kakang'ono kwambiri ka amp imodzi. Ndipo apa pali chinthu chodabwitsa: mabatire otchaja ngati a mwana wanuyo, ngakhale alembedwa 1.2, amatulutsa ma amp ambiri kuposa aja a 1.5, chifukwa mkati mwake magetsi amayenda mosavuta. Ndiwo amawotcha msanga.

M'thumba la mwana wanu, katcheni kaja ndi kamene kanazungulira batire n'kukhudza kumutu ndi kumatako. Timphete ta tcheni timangokhudzana pang'onopang'ono, ndipo pamalo opapatiza potero ndi pamene pamatentha kwambiri. Batire lenilenilo nalonso linkatentha mkati. Nsalu inkasunga kutenthako, thumba lili lokanikizika pantchafu. Khungu la munthu silifuna moto wolilima kuti lipse. Chinthu cha madigiri 44 chikakhala pakhungu kwa maola angapo chimawotcha, cha madigiri 60 chimawotcha m'masekondi ochepa chabe, ndipo khungu la mwana ndi lopyapyala kuposa la wamkulu. Mwana akamva kufunda m'thumba sadziwa kuti n'chiyani, amayamba wapisamo dzanja kapena kudumphadumpha, ndipo masekondi amenewo ndi okwanira kutulutsa thuza.

Batire lija la makona anayi la ma volt 9 ndiye losavuta kuchita shoti kuposa onse, chifukwa mitu yake yonse iwiri ili pamwamba moyandikana. Ndalama imodzi yachitsulo ikangogona pamenepo, basi. Likakhudzana ndi kawaya kofewa kaja kotsukira mapoto, kawayako kamayaka nthawi yomweyo muli kuona. N'chifukwa chake sindigona tulo ndikaona dirowa imene muli mabatire, misomali, makiyi akale, timapepala ndi machesi, zonse pamodzi. Dirowa zotere zili pafupifupi m'nyumba iliyonse.

Koma mabatire amene ndimawaopa kwambiri pa nkhani ya m'thumbayi ndi a lithium otchaja, makamaka aja ooneka ngati AA wonenepa, otchedwa 18650. Dzinalo likuchokera pa muyeso wake, mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Amapezeka m'matochi owala kwambiri, m'mapawabanki, m'mafani otchaja, m'ndudu zamagetsi ndi m'mabatire a malaputopu akale. Likadzadza limakhala ndi ma volt 4.2, ndipo ena mwa mabatirewa amatulutsa ma amp makumi angapo. Thupi lake lonse lachitsulo ndi negativi, kuyambira pansi mpaka m'mphepete mwa mutu, ndipo chimene chimalekanitsa negativi ameneyu ndi pozitivi ndi kamphete kopyapyala ndi pulasitiki wokutira uja. Pulasitikiyo akangong'ambika pafupi ndi mutu, nsonga ya kiyi yokha ndi yokwanira.

Batire la mtundu umenewu silimangotentha ngati la AA. Mkati mwake muli timapepala tokulungizidwa, tolekanitsidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kwambiri, ndipo zonsezi zanyowa ndi timadzi toyaka moto. Kutentha kukafika pa madigiri pafupifupi 130, kapulasitiki kaja kamayamba kusungunuka, mbali ziwiri zija n'kukhudzana mkati momwemo. Zikafika apa, ngakhale mutachotsa kiyi uja sizithandizanso. Batire limadzitenthetsa lokha, kutentha kumapitirira madigiri 500, ndipo limalavula moto ndi utsi ngati nsonga ya chowotcherera zitsulo. Amene zawachitikira m'thumba amapsa ntchafu, kumaliseche ndi dzanja limene anapisa nalo, ndipo ambiri amafunika kuikidwa khungu lina. Shoti ya mkati yotereyi imayambanso batire likaphwanyika, likabooledwa kapena likapangidwa molakwika. Mu 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa mafoni ake onse a Galaxy Note 7 n'kusiya kuwapanga chifukwa cha vuto lomweli. Ndi chifukwa chomwechinso makampani a ndege salola mabatire a lithium apadera m'zikwama zopita pansi pa ndege, ndipo amafuna kuti mitu yake ikhale yophimbidwa.

Choncho foni, pawabanki kapena tochi ikafufuma, ikamatentha isakugwira ntchito, ikamanunkha kafungo kachilendo konga ka mankhwala, kapena ikamalira kuti tsiii, ichotseni pa tchaja, muitulutse panja n'kuiika pa simenti kapena pa mchenga, kutali ndi zinthu zoyaka. Musaibaye ndi singano kuti iphwe, anthu amachita zimenezi ndipo n'zoopsa zedi. Ikayaka, choyamba tulutsani anthu ndipo musapume utsi wake. Ngati ndi kachipangizo kakang'ono kosalumikizidwa ku magetsi a pakhoma, madzi ambiri amathandiza kuziziritsa. Muisiye panja pomwepo maola ambiri chifukwa imatha kuyakanso mutaganiza kuti yazima. Moto ukakula, itanani ozimitsa moto. Usiku musamatchaje foni pansi pa pilo kapena pamatiresi.

Ndinene pang'ono za mabatire akuluakulu a ma volt 12, a galimoto ndi aja osungira magetsi a dzuwa, poti masiku ano ali m'nyumba zambiri. Tsiku lina mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ankamasula waya wa pozitivi pa batire la galimoto, atavala mphete. Sipanala inali pa mutu wa batire, mphete inakhudza sipanala, ndipo mbali ina ya mpheteyo inagunda chitsulo cha galimoto. Ndinangomva kuthetheka ndi kukuwa. Sizinathe masekondi atatu, koma mphete ija inali itatentha moti sitikanatha kuigwira ndi manja, ndipo iye sakanatha kuivula. Tinalowetsa dzanja lonse pansi pa mpopi n'kuichotsa itazizira. Pansi pake panali mzere woyera wozungulira chala chonse. Kuchipatala anachipulumutsa chalacho, koma anatha miyezi asakupinda bwino. Batire lotere limatulutsa ma amp mazanamazana kuti lilize injini, ndipo mphamvu yonseyo inadutsa mu kamphete kamodzi.

Kuyambira tsiku limenelo palibe amayandikira batire pamaso panga atavala mphete, wotchi yachitsulo, chibangili kapena tcheni cha m'khosi. Pomasula batire la galimoto timayamba ndi waya wa negativi, ndipo pobwezera timamalizira womwewo. Chifukwa chake n'chakuti thupi lonse la galimoto ndi lolumikizidwa ku negativi, choncho sipanala ikakhala pa negativi n'kugunda chitsulo palibe chimachitika, ndipo negativi akachoka, pozitivi sakhalanso ndi njira yobwerera. Pamwamba pa batire si poika sipanala kapena supuni. La m'nyumba likhale ndi fyuzi pafupi ndi mutu wa pozitivi, mitu yake ikhale yophimbidwa, ndipo likhale pamalo podutsa mpweya, chifukwa potchaja limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ndi kamoto kakang'ono. Likaphulika limamwaza asidi, ndipo maso ndi amene amayamba kuvulala. Chizolowezi chogundanitsa mawaya kuti muone ngati batire lili ndi moto chisiyeni.

Munafunsa za poizoni. Pamene pangakhale nkhawa yotero ndi pamene batire latulutsa timadzi. Mwaonapo zoyerayera zonga mchere m'rimoti kapena m'tochi imene yakhalitsa. Mabatire ambiri wamba, aja olembedwa kuti alkaline, ali ndi mankhwala otchedwa potassium hydroxide, achibale ake a soda wowotcha uja opangira sopo, ndipo akatuluka n'kukumana ndi mpweya ndiwo amauma n'kuyera chonchija. Akadali onyowa amadya khungu pang'onopang'ono, poyamba osapweteka kwenikweni, khungu limangoterera ngati lapakidwa sopo. Akakukhudzani, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi 20 kapena kuposa. Akalowa m'diso, tsegulani chikope ndi zala, thirani madzi osalekeza kwa mphindi zosachepera 20, kenako kuchipatala, ngakhale diso litaoneka ngati lili bwino. Chipangizocho mungachipukute ndi kathonje konyowetsa ndi viniga mutavala magolovesi, koma viniga ameneyo ndi wa chipangizo chokha, pakhungu ndi m'diso ndi madzi basi. Zimene zimachititsa kuti batire lidonthe kapena ling'ambike n'zodziwika: kusakaniza akale ndi atsopano, kuika limodzi chozondoka pakati pa anzake, kuyesa kutchaja batire losatchajika, kulisiya padzuwa kapena pafupi ndi moto, ndi kuliiwala m'chipangizo chimene simukugwiritsa ntchito.

Tsopano tifike kwa wamng'ono wanu wa zaka ziwiri, ndipo apa ndikupempheni mumvetsere bwino, chifukwa ngozi yake ndi yoposa zonse zimene ndatchulazi. Batire loopsa kwa iye si la AA ayi, koma timabatire tija tathyathyathya tonyezimira ngati ndalama. Kofala kwambiri ndi CR2032, kotambalala mamilimita 20, kochindikala mamilimita 3.2, ka ma volt 3. Timapezeka m'makiyi a galimoto, m'timarimoti ting'onoting'ono, m'masikelo, m'zoyezera kutentha kwa thupi ndi shuga, m'zidole zowala ndi zoimba, m'timakandulo tamagetsi, ngakhale m'makhadi oimba nyimbo. Mwana amaona ngati switi. Akakameza, kukula kwakeko n'kongokwanira kukakamira pammero, m'njira imene chakudya chimadutsa popita m'mimba.

Kakakamira pamenepo, malovu ndi mnofu wonyowa ndizo zimalumikiza pozitivi ndi negativi, ntchito imene katcheni kanagwira m'thumba muja. Kusiyana kwake n'kwakuti apa sikuti kabatireko kamatentha kapena kudontha. Magetsi odutsa m'malovu amasandutsa madziwo kukhala mankhwala owotcha onga soda uja, ndipo amayamba kudya mnofu. M'maola awiri okha mmero umakhala utawonongeka kwambiri. Kakakhalitsa kamaboola mpaka kunjira ya mpweya kapena ku mtsempha waukulu wochokera kumtima, ndipo magazi amatha kutuluka patapita masiku kapena milungu kabatireko katachotsedwa kale. Ophunzira anga ndimawaonetsa ndi maso. Ndimaika kabatire kotere pakati pa tizidutswa tiwiri ta nyama yaiwisi m'mawa. Pasanathe nthawi yaitali m'mphepete mwake mumayamba kutuluka timathovu. Pofika nthawi yopuma, tikatsegula, pamakhala chizindikiro chakuda chozungulira, nyama itadyeka ngati yawotchedwa ndi chitsulo chamoto. M'kalasi mumangoti zii, ndipo amene ali ndi ana amayamba kufufuza makiyi awo.

Chovuta n'chakuti mwana amatha kuoneka bwinobwino poyamba, kapena kuonetsa zizindikiro zonga za chimfine: kutsokomola, kutuluka dovu, kukana kudya, kusanza, kulira pomeza. Choncho mukaona chidole chatseguka kabatire palibe, kapena mukangokayikira chabe, nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala chimene chili ndi makina a X-ray, ndipo mukafika nenani mawu akuti "wameza batire" pakhomo pomwepo kuti musaikidwe pamzere. Musamusanzitse, musamupatse chakudya kapena chakumwa. Chokhacho chimene madokotala a za poizoni amalola ndi uchi, kwa mwana woposa chaka chimodzi amene akutha kumeza, ngati sipanathe maola 12 chimezereni: timasupuni tiwiri tating'ono mphindi 10 zilizonse, osapitirira kasanu ndi kamodzi, muli m'njira. Uchiwo umangokuta kabatireko kuti kuwotcha kuchedwe, suchiza, ndipo ngati m'nyumba mulibe musataye nthawi kuufunafuna. Khanda losakwana chaka salipatsa uchi. Kabatire kakalowa m'mphuno kapena m'khutu ndi ngozi yomweyo, musathiremo madzi kapena mankhwala, pitani kuchipatala. Ngakhale kabatire kamene kasiya kuyendetsa rimoti kamakhala ndi mphamvu yokwanira kuwotcha mmero wa mwana. Nkhaniyi ndi yaikulu moti mu 2022 dziko la United States linakhazikitsa lamulo lotchedwa Reese's Law, lokakamiza opanga zinthu kuti malo a timabatireti azikhala ovuta kutsegula kwa mwana, ndipo chaka chomwecho malamulo onga amenewa anayamba kugwira ntchito ku Australia. Koma zinthu zambiri zotchipa zimene zili m'nyumba zathu sizitsata zimenezi.

Ndiye kodi muchotse mabatire onse? Ayi, Mayi, sikofunika kutero. Chofunika ndi madzulo amodzi oti muyendere nyumba yonse. Chinthu chilichonse chokhala ndi kabatire kathyathyathya chiyeseni ndi chala: ngati chitseko chake chikutseguka popanda sikuludiraiva, chimateni ndi tepi yolimba n'kuchiika patali, ndipo ngati ndi chidole cha wamng'onoyo, chichotseni. Mabatire atsopano azikhala mu paketi yake mpaka tsiku logwiritsa ntchito. Otsala paketi itatsegulidwa aikeni m'kabokosi ka pulasitiki, onse atayang'ana mbali imodzi, osati m'chitini chachitsulo, ndipo kabokosiko kakhale pamwamba pomwe mwana safika ngakhale atakwera pampando. A ma volt 9, a 18650 ndi athyathyathya, matani tepi pamitu yake, ndipo athyathyathyawo musawaunjike pamodzi osamata chifukwa amachititsana shoti okhaokha. Otha ntchito nawonso amateni musanawataye. Ngati kwanuko kuli malo olandirira mabatire akale, apititseni kumeneko, ndipo pamoto wa zinyalala musawaponyepo, amaphulika.

Mabatire awiri a mwana wanu aja musawabwezerenso mu tchaja. Batire limene latentha mpaka pulasitiki wake kukwinyika lawonongeka mkati, ndipo pokwinyikapo chitsulo chili pamtunda, moti lingachitenso shoti mosavuta kuposa kale. Mateni tepi onse awiri uku ndi uku n'kuwataya monga ndanenera. Mnyamatayo musamukalipire. Wa zaka 11 amamva zinthu akazionetsedwa, choncho bala likayamba kupola khalani naye pansi, mutenge batire latsopano, mumuonetse mbali ya pozitivi ndi ya negativi ndi mmene katcheni kaja kanazilumikizira. Mupezereni kabokosi ka pulasitiki konyamulira mabatire ake, ndipo mumuuze kuti akadzamvanso kufunda m'thumba asapisemo dzanja, avule kabudulayo msanga n'kuitana wamkulu. Mumupatsenso ntchito yoti akaona kabatire konyezimira pansi azikatola n'kubweretsa kwa inu mng'ono wake asanakaone. Bala lija likafika milungu iwiri lisanatseke, bwererani naye kuchipatala akalionenso.